KUNOLA LUMO NDI KULISAMALA

M'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, m'boma la Balaka, lumo limagwira ntchito zambiri: kumeta ndevu, kumeta ana ndiponso kumeta pamaliro. Lumo lobuntha limazula tsitsi ndi kucheka khungu, ndipo pa timabala toteroto ndi pamene matenda amaloŵera. Nchifukwa chake mwini lumo ayenera kudziŵa kulinola bwino.

Kanoledwe kake

Lumo likameta kangapo, mbali yake yakuthwa imapindika pang'ono mosaoneka ndi maso. Chikopa chosalala ndicho chimaiwongola.

1. Wonola amangirire lamba wachikopa ku msomali kapena ku nthambi, ndipo amukoke kuti alimbe.
2. Agoneke lumo pa lambayo kuti msana wake ndi mbali yakuthwa zikhudze chikopa pamodzi.
3. Alikoke pang'onopang'ono, msana uli patsogolo, osakanikiza. Mbali yakuthwa ikatsogola imadula lamba.
4. Akafika kumapeto alitembenuzire pamsana, osati pakuthwa, ndi kubwerera. Achite chotere ka 20 kapena ka 30.

Mwala wonolera umafunika pokhapokha lumo litabenthuka kapena kubuntha kwambiri.

Kunola sikupha tizilombo

Lumo lakuthwa ndi lonyezimira likhoza kukhala ndi magazi osaoneka. Kachilombo ka matenda a chiŵindi otchedwa Hepatitis B kamakhala ndi moyo masiku 7 kapena kupitirira m'magazi ouma. Kachilombo ka HIV, koyambitsa Edzi imene inapezeka koyamba m'Malaŵi mu 1985, nakonso kamayenda m'magazi. Chipere chimachoka pamutu wa mwana mmodzi kunka kwa mnzake kudzera pa lumo. Lamba naye amasunga litsiro, popeza chikopa sichiŵiritsidwa.

Choncho mwini lumo ayambe walitsuka ndi sopo, kenaka alinole, pambuyo pake aliŵiritse m'madzi mphindi 20, kuŵerenga kuyambira pamene madziwo ayamba kubwata. Likazizira aliumitse bwino kuti lisachite dzimbiri.

Lumo nla munthu mmodzi

Njira yoposa zonse ndiyo yakuti munthu aliyense akhale ndi lumo lakelake. Pometa maliro, wachibale aliyense abwere ndi lezala lake latsopano. Lezala la m'sitolo silinoledwa: likagwira ntchito litayidwe m'chimbudzi chokumba, kumene ana sangalitole.

Lumo lakale lisadule mchombo wa khanda, pakuti dothi lokhala pachitsulo limabweretsa kafumbata, amene amapha makanda ambiri omudwala. Amayi oyembekezera akalandire katemera wa kafumbata ku sikelo ndi kukachilira kuchipatala. Makolo a anyamata opita kujando aonetsetse kuti mdulidwe wachitikira kuchipatala, kumene zida zake zimakhala zotetezedwa. Mphini nazo nzoopsa, makamaka pamene lumo limodzi latemera banja lonse.

Munthu amene wachekedwa ndi lumo la mnzake atsuke balalo ndi sopo ndi madzi aukhondo, ndipo afike ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amathandiza akayambidwa maola 72 asanathe.