ZA KUMVERA PAMENE LAMULO LIRI LOIPA

Mwezi uno tiphunzire nkhani ya m'buku la mphunzitsi wina wa ku America, dzina lace Stanley Milgram, limene linaturuka caka ca 1974. Munthuyo, pokhala Myuda iye mwini, anabvutika mtima ndi mlandu wa Adolf Eichmann, amene anaweruzidwa ku Jerusalem caka ca 1961 cifukwa ca kutumiza Ayuda aunyinji kukaphedwa. Podzikanira, Eichmann anati anangomvera akuru ace. Milgram anafuna kudziwa ngati anthu wamba angathe kucita comweco.

Tsono caka comweco, pa sukulu yaikuru ya Yale, anaitana amuna 40, ena a nchito za manja, ena alembi, ena amalonda. Yense anamkhazika pa makina a magetsi, namuuza kuti m'cipinda cina muli munthu womangidwa pampando, woloweza mau. Akaphonya, amlange ndi magetsi, ndi kuonjeza mphamvu yace pa kuphonya kuli konse, kuyambira mavolti 15 kufikira 450. Koma magetsiwo anali abodza, ndi womangidwayo anapangana ndi Milgram. Pofika 300 iye anagunda khoma, ndipo posacedwa anakhala cete.

Ambiri anaturuka thukuta, nanjenjemera, napempha kuleka. Woyang'anira sanawaopse ndi ndende kapena cikoti ai. Anangonena mosakweza mau kuti apitirire. Ndipo 26 mwa 40 aja anafika kumapeto.

Tingafulumire kunena kuti anali ouma mtima, koma thukuta lao litikaniza. Milgram anati munthu akadziyesa ciwiya m'dzanja la wina, asenzetsa wolamulayo mlandu wonse, ndipo iye angosamala kugwira bwino nchito imene ampatsa. Alipo ophunzira a pambuyo pace onena kuti ena mwa amunawo anazindikira cinyengoco, ndiponso kuti kuyesa anthu kotero kunali nkhanza. Ici caciwiri ticibvomereza ndithu.

Koma taonani cimene ife ticiyesa cacikuru. Pamene anabwereza kuyesako, naika anthu awiri pambali pa woyesedwayo kuti akane lamulo pamaso pace, ofika kumapeto anali 4 okha mwa 40. Ndipo pamene woyang'anira anacoka m'cipinda nalamulira pa lamya, ambiri analeka. Ena anamnamiza kuti alikuonjeza mphamvu, cikhalireco alikupereka yaing'ono yokha.