Mmene Banja la pa Marka Lingakonzekere Kulandira Mwana Wakhanda

Pa Marka, pamene msewu wa M1 umathera ndipo Malawi amapatsana moni ndi Mozambique pa chipata cha Vila Nova da Fronteira, mwana salandiridwa monga alandiridwira ku mapiri a Dedza. Pakuti kuno dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, udzudzu umaswana m'dambo la Ndindi, ndipo Shire, amene amatidyetsa nsomba ndi mbatata za kudimba, ndi yemweyo amene anasefukira mu Januwale 2015 ndiponso m'masiku a namondwe Freddy mu Malichi 2023, nadula njira zopita ku chipatala. Chifukwa chake banja loyembekezera mlendo liyenera kuyamba kukonzeka mimba ikadali yaing'ono, ndipo chilichonse chimene manja a pakhomo adzaluka, kusoka kapena kuphika chikhale chotumikira moyo wa mayi ndi mwana m'chigwa chathu chino. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Tsono ntchito zili m'munsizi zigawidwe, kaya mayiyo akukhala kwa apongozi ake monga mwa mwambo wa Asena, kaya ali pamudzi pa amayi ake monga achitira Amang'anja.

Choyamba: sikelo ndi ulendo

Mayi akangozindikira kuti ali ndi pakati, ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo abambo amuperekeze, kuti onse awiri ayezedwe magazi ndi kumva malangizo ndi makutu awo. Kumeneko adzalandira mankhwala oonjezera magazi, mankhwala a Fansidar oteteza ku malungo, katemera wa kafumbata ndi neti yonyikidwa m'mankhwala. Ndipo malangizo a masiku ano akuti aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. M'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa amayi pamudzi, kotero ntchito ya agogo ndi azakhali tsopano ndiyo kufulumizitsa ulendo ndi kudikirira wodwala.

Kuchokera pa Marka kukafika ku chipatala chachikulu pa boma la Nsanje ndi mtunda wa makilomita oposa 20, ndipo amene amakhala kutsidya kwa madzi, monga anthu a kwa Nyachikadza, amadalira bwato. Abambo asunge ndalama ya kabaza ndi ya bwato pa malo ake, yosakhudzidwa ngakhale ndiwo zitasowa. Ndipo ngati masiku ochira agwa m'nyengo ya dzinja, mayi apite kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, mitsinje isanadzaze. M'chikwama mukhale zitenje zoyera zosachepera zisanu, beseni, sopo, pepala lalikulu la pulasitiki, tochi ndi buku la kuchipatala, ndipo bukulo likulungidwe m'jumbo kuti lisanyowe.

Chachiwiri: mkeka ndi pogona

Mimba ikafika miyezi isanu ndi umodzi, wodziwa kuluka pakhomopo adule masamba anthete a mlaza, awayanike mpaka ayere, awang'ambe timizere tofanana, aluke mizere yaitali, kenaka ailumikize ndi chingwe cholimba kufikira mkeka utakwanira mayi ndi mwana pamodzi. Mkeka wa mlaza ndi wofewa kuposa mphasa ya bango, ndipo susunga kutentha monga chitira pepala la pulasitiki, limene limatulutsa nsungu pakhungu la khanda. M'mphepete mwake mupindidwe ndi kusokedwa ndi nsalu, kuti nsonga za mlaza zisabaye mwana.

Ngati nkutheka, pogonapo pakwezedwe ndi kama, ngakhale wa mitengo wamba, chifukwa cha chinyontho cha pansi ndi zinkhanira. Neti imangidwe mwana asanabwere, nsonga zake zilowetsedwe pansi pa mkeka, ndipo bowo lililonse lisokedwe tsiku lomwelo limene laoneka. Neti imeneyo ndi ya mwana ndi mayi wake. Isapite ku dambo kukakokera nsomba, ngakhale ku dimba kukatchinga mbewu. Mwana agonekedwe chagada, pamalo pamene utsi wa kukhitchini sufika.

Chachitatu: matewera, mbereko ndi tizovala

Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza makolo athu Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo. Ndipo sichiyenera kuti adzukulu a anthu otere aziyesa kuti chovala chabwino cha mwana ndi cha m'sitolo chokha. Tengani nsalu ya thonje yofewa, ngakhale chitenje chakale chimene chachapidwa kawirikawiri, muidule zidutswa zofanana mbali zonse, utali wa masentimita 60, mupinde m'mphepete kawiri ndi kusoka ndi singano. Matewera 12 ndi okwanira kuti ena ali pathupi, ena ali pachingwe. Achapidwe ndi sopo, atsukuluzidwe bwino, ayanikidwe pachingwe osati pansi kapena paudzu, ndipo asitidwe ndi simbi yotentha mbali zonse ziwiri, pakuti pali ntchentche imene imaikira mazira pa nsalu yonyowa, ndipo mazirawo akapanda kupsa amasanduka mphutsi m'khungu la mwana.

Mbereko ikhale chitenje cholimba chosang'ambika, ndipo zikhale ziwiri. Kunena za ulusi wolukira, amayi ambiri amakonda kuluka juzi, masokosi ndi shawelo yochindikala, ndipo chikondi chawocho nchoyamikika. Koma kuno kwathu zinthu zotere zimafunika m'mawa wa Juni ndi Julayi basi. Lukani kachipewa kamodzi kapena tiwiri, chifukwa khanda limataya kufunda kudzera m'mutu m'masiku oyamba, ndipo nthawi yotsalayo muigwiritse posoka timalaya topepuka ta thonje, topanda mabatani ang'onoang'ono kapena mikanda imene mwana angameze. Mwana wobadwa masiku asanakwane afundidwe ndi thupi la mayi wake, khungu kukhudzana ndi khungu pachifuwa, monga anamwino adzakuonetserani pa njira ya kangaru.

Chachinayi: chigumu ndi chakudya cha mayi

Mayi woyamwitsa amamva njala usiku, moto utazima kale, ndipo chigumu ndicho chakudya chimene chimamudikira pambali popanda kudzutsa munthu. Kaphikidwe kake ndi aka. Kanyani nthochi zakupsa kwambiri zinayi m'mbale. Thiranimo makapu atatu a ufa wa mgaiwa, kapena awiri a mgaiwa ndi imodzi ya ufa wa mapira, umene kuno susowa; onjezani theka la kapu ya nsinjiro, masupuni atatu a shuga, kasupuni kakang'ono ka soda ndi mchere wotapa ndi zala. Swerani mazira awiri ngati alipo, thirani masupuni awiri a mafuta ophikira, ndipo musakanize ndi chambiko kapena madzi pang'onopang'ono mpaka zikhale ngati phala lolimba. Chambiko nchabwino koposa, chifukwa kuwawasa kwake ndiko kumadzutsa soda kuti chigumu chifufume.

Pakani mafuta m'poto wochindikala, thiranimo zosakanizazo osadzaza, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo muike makala ochepa pansi ndi ochuluka pamwamba. Pakuti cholakwa cha ophika ambiri ndicho kusonkhezera moto wa pansi, chigumu n'kupserera kunsi m'kati muli mwamuwisi. Kuona maso a nkhono nkudekha: musavundukule kawirikawiri, koma pakatha mphindi 40 mubaye pakati ndi mpeni, ndipo ukatuluka wouma, chapsa. Chizizire musanachidule, chisungidwe m'dengu chovundikira ndi nsalu yoyera, ndipo chidyedwe pasanathe masiku awiri, chifukwa kutentha kwa kuno sikuchedwa kusasitsa chakudya.

Chigumu chokha sichibweza magazi. Mayi adye nsima ya mgaiwa kapena ya mapira ndi nsomba monga makakana ndi mlamba, nandolo, nyemba, mazira ndi masamba a chammwamba otendera. Amwe thobwa lotsekemera ndi madzi ochuluka owiritsa kapena othira mankhwala. Mbale yake ikhale yoyamba kugawidwa, alendo pambuyo.

Chachisanu: masiku a chikuta

Makolo athu anachita mwanzeru poika mayi ndi khanda m'chikuta kufikira mchombo utagwa, pakuti mwambowu umapumitsa mayi ndi kutchinjiriza mwana ku matenda a anthu ambiri. Tiusunge, koma tichotsemo zimene zaonongetsa ana. Mwana ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo mkaka woyamba wachikasu usafinyidwire pansi, chifukwa ndiwo chitetezo chake choyamba. Asasambitsidwe mpaka patatha maola 24. Pamchombo pasaikidwe phulusa, ndowe, mafuta kapena zitsamba, koma mankhwala okhawo amene a chipatala apereka. Ndipo ngakhale dzuwa litaotcha chotani, musamumwetse madzi kapena phala miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, ndipo ludzu la mwana limatha pomuyamwitsa pafupipafupi.

Aliyense wofuna kunyamula mwana ayambe wasamba m'manja ndi sopo, ndipo wachifuwa kapena wachimfine apereke moni ali pakhomo. Apongozi, amene mawu awo samatsutsidwa, ndiwo oyenera kusunga lamulo limeneli. Mwana akakana bere, akatentha thupi kapena kuzizira, akamapuma mofulumira, akachita chikasu m'maso, kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya; kapenanso mayi akamataya magazi ambiri, akamva mutu waukulu kapena kutentha thupi, musadikire kuti kuche, ndiponso musayambe mwaitana abale kudzakambirana. Nyamukani nthawi yomweyo, pakuti madzi akatayika saoleka.

Chachisanu ndi chimodzi: kutuluka m'chikuta

Mchombo ukagwa, mwana atulutsidwe, apatsidwe dzina, ndipo abale abwere ndi mphatso zawo. Wobwera kudzaona mlendo achita bwino kunyamula sopo, ufa, nkhuni, nkhuku kapena chitenje, ndipo woposa onse ndi iye amene atenga ndowa nakatungira mayiyo madzi pa mjigo. Phwando likhale lolingana ndi nkhokwe. Chigumu, zitumbuwa ndi thobwa nzokwanira, ndipo palibe chifukwa chogulitsira mbuzi kapena kulowa m'ngongole ya katapila pofuna kuti anthu atame. Dzinalo lilembetsedwe kuti mwana akhale ndi chiphaso cha kubadwa. Katemera wa BCG ndi wa poliyo amaperekedwa pobadwa, otsatira pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku pa miyezi 9. Masiku amenewa alangizi a zaumoyo amawalemba m'buku, ndipo wina pakhomo amene amawerenga aziwakumbutsa.

Inu abambo a pa Marka ndi midzi yonse ya kwa Ndamera, musayese kuti zonsezi ndi nkhani za kukhitchini. Mlaza udulidwe ndi inu, kama akhomedwe ndi inu, makala ndi ndalama ya ulendo zipezedwe ndi inu, pakuti mwana ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo wopatsidwa mphatso ndiye woyamba kufunsidwa za kasamalidwe kake. Mmera mpoyamba. Yambani lero kukonza, mwezi wochira usanakupezeni muli manja lende.