Banki ikagwa: zoyenera ndi zosayenera kwa inu osunga ndalama za anzanu

Amsungichuma, tasenderani kuno. Ndikunena inu amene mumanyamula ndalama za anthu kupita nazo ku banki pa boma la Nkhotakota kapena ku Dwangwa: za banki m'khonde, za alimi a mpunga ku Bua, za alimi a nzimbe, za amayi ogula nsomba pa Chia, za chitukuko cha tchalitchi kapena mzikiti. Akaunti imodzi, eni ake khwimbi.

Ku America ntchito yanuyi anthu amadyerapo. Kuli mabuloka amene amatolera ndalama za makasitomala n'kukaziika m'mabanki. Banki ikagwa, bungwe la FDIC, loteteza ndalama za osunga m'mabanki, limauza bulokayo kuti abweretse mndandanda wa eni ndalama ndi gawo la aliyense, ndipo mapepala akakhala olongosoka, munthu aliyense amatetezedwa mpaka madola 250,000. Mndandanda ukachedwa, ndalama nazo zimachedwa.

Kwathu kuno lamulo la 2022 linakhazikitsa Deposit Insurance Corporation, DIC mwachidule, ya inshulansi ya ndalama zosungidwa m'mabanki, imene inayamba ntchito mu 2023 ndi malire a K3 miliyoni kwa wosunga aliyense pa banki iliyonse. Pamene Reserve Bank inkalanda chiphaso cha Finance Bank mu 2005, chitetezo chotere kunalibe. Sindikulosera tsoka banki ya wina aliyense ayi, koma bwato timamata nyanja ili bata, osati mwera utayamba. Nzeru muli nazo, ndikudziwa. Chimene chimakugwetsani ndi "tidzaona mawa".

ZOYENERA

- Tsegulani akaunti m'dzina la gulu, osayinira akhale awiri kapena atatu, kuti wowerenga mapepala aone yekha kuti ndalamazo si zanu.

- Khalani ndi buku la mamembala: dzina lonse, nambala ya chiphaso cha unzika, ndi ndalama za aliyense mpaka tsiku lalero. Nkhani yonse yagona pamenepa, chifukwa banki imadziwa gulu koma sidziwa kuti wa K40,000 ndani, wa K600,000 ndani.

- Mwezi ukatha katengeni sitetimenti, muiwerenge pamodzi ndi bukulo anthu akuona, kuti kusiyana kugwidwe kukadali kakang'ono.

- Funsani ku banki lero lomwe, ndipo akuyankheni polemba: akaunti ya gulu lathuli imawerengedwa ngati wosunga mmodzi, kapena membala aliyense payekha? Muli anthu 30, pa akaunti pali K9 miliyoni. Ikawerengedwa ngati munthu mmodzi, K6 miliyoni yatsala pabwalo.

- Ndalama zikadutsa malire, zigaweni m'mabanki awiri osiyana, popeza K3 miliyoni ija amaiwerenga pa banki iliyonse payokha. Ndipo musaione ngati phiri: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gulu la amalonda a usipa limaifika m'nyengo imodzi.

- Masilipi ndi bukulo zikhale m'jumbo, pamalo okwera, ndipo muzijambule pa foni. Amene anaona madzi a mtsinje wa Dwangwa mu 2024 safuna kuuzidwa chifukwa chake.

- Konzani mayina kudakali mtendere. Saidi pa chiphaso, Sayidi ku banki: chilembo chimodzi chomwecho chidzakuyendetsani maulendo pa msewu wa M5.

- Osayinira akasintha, pitani ndi maminitsi a msonkhano mukasinthitse ku banki, chifukwa amene anapita ku Joni sangadzabwerere kudzasayina fomu yanu.

- Banki ikatsekedwa, tcherani khutu ku chilengezo cha Reserve Bank ndi DIC pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Chimenecho n'chimene chidzanene kopita, zonyamula, ndi nthawi yake.

- Itanani msonkhano mwamsanga, muwauze anthu zoona zokhazokha, popeza akamva kwa ena pa msika adzati mwadya ndi inu.

- Ndalama zoposa malire kazilembetseni kwa amene wasankhidwa kugulitsa katundu wa bankiyo ndi kutolera ngongole zake. Zimabwera pang'onopang'ono, mwina osakwanira, koma wosalembetsa saitanidwa n'komwe.

- Mwini akaunti akakhala kuti anatisiya, abale ayambire kwa DC kapena kwa Administrator General kukatenga makalata oyendetsera chuma cha masiye, chifukwa "ndine mlongo wake" si chikalata.

- Ndalama zikatuluka, gawani poyera, aliyense asayine kapena adinde chala, kuti mawa dzina lanu likhale loyera.

ZOSAYENERA

- Musaike ndalama za gulu pa akaunti yanu ati "kuti zisavute". Zidzaphatikizidwa ndi zanu n'kuwerengedwa ngati za munthu mmodzi, ndipo mukadzafa, abale anu adzazilirira ngati chuma cha malemu. Cholakwa ichi ndiye chofala kwambiri kuno kunyanja, ndipo amachichita ndi anthu okhulupirika amene.

- Musadalire mutu, ngakhale mumadziwika kuti simuiwala. Ku America komwe kuja, mu 2024, kampani ya Synapse imene inkaima pakati pa makasitomala ndi mabanki inagwa mabuku ake asakugwirizana ndi a mabanki. Ndalama za anthu zinatsekeka kwa miyezi, ena sanapeze zonse, ndipo FDIC sinalipire chifukwa banki sinagwe, anagwa ndi mkhalapakati. Ngati makompyuta anasokonekera choncho, nanga inu ndi kope lolemba ndi pensulo?

- Musamangoti "zilipo, zilipo" osaonetsa sitetimenti; gulu limene silinaionepo lidzakukanani tsiku la mavuto.

- Musamve mawu akuti inshulansi n'kugona tulo, chifukwa inshulansi ili ndi pothera, ndipo pothera pake ndakuuzani kale.

- Musatsegule maakaunti atatu m'banki imodzi n'kumadziyesa ochenjera, amawaphatikiza onse. Nthambi ya ku Nkhotakota ndi ya ku Salima, ngati chikwangwani n'chimodzi, ndi banki imodzi basi.

- Musasiye silipi ya kwa ejenti padzuwa kapena m'thumba la malaya, popeza inki ya timapepala timeneti imafufutika n'kutsala pepala loyera mbee.

- Musabwereke chiphaso cha mnzanu, ngakhale mukufanana nkhope ngati mapasa; mudzachoka pa mzere wolandira n'kupezeka ku polisi.

- Musalipire dobadoba. Akadzamva kuti banki yagwa adzatulukira ndi tayi ndi chikwama, ati amadziwana ndi akuluakulu ku Lilongwe, mungomupatsa kangachepe. Ndalama za inshulansiyi amapereka ndi mabanki, osati inu, ndipo cholandira chanu sichifuna wokupemphererani.

- Musapereke PIN kwa woimba foni amene akuti ndi wa ku DIC kapena Reserve Bank. Wogwira ntchito weniweni safunsa nambala yachinsinsi, wofunsayo ndi wakuba.

- Musathamangire kukachotsa ndalama chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp wopanda mwini. Mphekesera zimagwetsa ndi banki yabwino yomwe, ndipo ndalama za pansi pa matiresi zilibe wozibweza zikapsa kapena zikabedwa.

- Musanamize mamembala kuti DIC imateteza chilichonse chotchedwa banki. Ndalama zimene zili m'bokosi la maloko atatu, zimene mwakongozana, ndi zimene munapatsa mnyamata wolonjeza kuzichulukitsa pakutha pa mwezi, sizili m'banki ya chiphaso, zikapita, zapita.

- Musaleke kubweza ngongole ati banki yafa. Ngongole siifa nayo: wotolera adzabwera, ndipo chikole chanu, kaya ndi injini ya boti kaya nyumba, chikadali m'mabuku awo.

- Musakonze buku banki itatsekedwa kale, kuwonjezamo apongozi ndi ana a sukulu kuti malire akule. Adzalifananiza ndi mabuku a banki, ndipo chinyengo cha munthu mmodzi chidzachedwetsa gulu lonse.

- Musazimitse foni n'kukabisala kwa achibale ku Dwambazi chifukwa cha manyazi. Banki yagwa si mlandu wanu, koma kuthawa kudzaupanga kukhala wanu.

- Musadzidulire nokha "ya thiransipoti" pa ndalama zimene zabwera. Munayendadi, munavutikadi, koma nenani pa msonkhano gulu likupatseni lokha.

Inunso mamembala, musangoseka amsungichuma. Amene sanaonepo dzina lake m'bukumo, kapena sadziwa dzina limene akaunti ya gulu inalembedwa, afunse pa msonkhano ukubwerawu, asanaponye sheya ina. Ndipo inu amsungichuma, musakwiye akafunsa. Bwerani ndi buku, bwerani ndi sitetimenti, muziyale pa mphasa aliyense aone.