“Ndingoonako Pang'ono”: Masamu a Nthawi ya Pafoni

Anzanga, tiyambe ndi masamu osavuta. Munthu akamakhala pafoni maola awiri tsiku lililonse, pa sabata amakwana maola 14. Piriyodi imodzi ndi mphindi 40, ndiye maola 14 amenewo ndi mapiriyodi 21. Wina atajomba mapiriyodi 21 sabata imodzi, ahedi angamuitanitse makolo. Koma nthawi yomweyo ikathera pa Facebook, WhatsApp kapena TikTok, palibe amene amaimba belu.

Kwa ife oyendera nkhaniyi ndi yaikulu. Anzathu a sukulu zogonera komweko ali ndi nthawi yowerenga usiku, aphunzitsi akuwayang'anira. Ife tikaweruka pali mtunda woyenda, madzi otunga, kudimba, mbale zotsuka. Nthawi imene imatsala ndi ka usiku, tochi kapena nyali ya sola ili pambali. Foni ya achimwene ikangolowa m'manja nthawi imeneyo, basi, kope latsekedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani kuisiya kumavuta chonchi? Ine ndikuona zifukwa zitatu.

1. Zapafoni sizifika pothera. Buku lili ndi tsamba lomaliza, mpira umatha pa mphindi 90. Koma mu 2006 katswiri wa makompyuta wa ku America, Aza Raskin, anakonza njira yoti ukamakankha chala m'mwamba, zatsopano zizingobwerabe. Palibe pamene foni imakuuza kuti “zatha, kagone.”

2. Sudziwa chimene chikubwera. Katswiri wina wa ku America, B.F. Skinner, ankaphunzira khalidwe la nkhunda ndi makoswe. Anapeza kuti chakudya chikamatuluka mwa apo ndi apo, nkhunda imalimbikira kujompha kabatani osatopa, poyembekeza kuti mwina ulendo uno chituluka. Ifenso chimodzimodzi. Mauthenga ambiri ndi opanda mutu, koma umodzi umaseketsa, ndiye timangotsegulatsegula kusaka umodziwo.

3. Nthawi yathu ndi malonda. Makampani ngati Facebook amapeza ndalama kwa otsatsa malonda. Ukakhalitsa, umaona malonda ambiri, iwo n'kupindula. Iwe wagula bandulo, walipira kotchajitsa, wawonjezeranso tulo tako.

Udziwa bwanji kuti chizolowezichi chakugwira? Dzifunse wekha. Kodi umatsegula foni usakudziwa chimene ukufuna? Kodi umabwerera kukaona ngati akuyankha pa mkangano umene sukukukhudza n'komwe? Kodi umawodzera piriyodi yoyamba? Kodi ndalama ya cholembera inagulapo bandulo? Ngati “eya” wachuluka, aise, pali nkhani.

Sindikunena kuti foni ndi yoipa ayi. M'magulu ena a WhatsApp mumayenda manotsi ndi mapepala a mayeso akale. Mpeni womwewo umasenda mbatata, umachekanso chala. Nazi njira zimene ine ndimatsata, ndipo aliyense angathe:

Choyamba, kope patsogolo, foni pambuyo. Ndikamaliza ntchito ya kusukulu m'pamene ndimaigwira.

Chachiwiri, powerenga foni isakhale pafupi. Ipatseni amayi kapena agogo akusungireni. Kuitembenuza pamphasa sikuthandiza, dzanja limapitako lokha.

Chachitatu, musanatsegule nenani chimene mukukatenga, monga “manotsi a Biology.” Mukachipeza, tsekani data.

Chachinayi, tulukani m'magulu amene simuphunziramo kanthu, ndipo zimitsani kabelu ka mauthenga.

Chachisanu, yesani izi sabata ino: kumapeto kwa kope lembani nthawi imene mwagwira foni ndi imene mwaisiya. Lachisanu muwonkhetse, mugawe ndi 40. Yankho lake ndi mapiriyodi amene mwajomba muli kwanu.

Anzanga a Fomu 2, JCE ikubwera, ndipo a Fomu 4 MSCE ili pakhomo. A MANEB sadzafunsa kuti ndani anapambana mkangano wa Bullets ndi Wanderers m'gulu lanu. Makolo athu amagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti apeze fizi. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Amene muyese masamu a Lachisanu aja, tidzakumane pompano pa bolodi nthawi ya buleki, tidzayerekeze mayankho.

Mnzanu wa Fomu 2