Kutsekeratu akaunti yomvera nyimbo pa intaneti

Kale nyimbo zinali zogula pa kaseti, kenako pa CD, kenako zoikitsa pa memori khadi kwa anyamata a pamsika. Lero ambiri tikumvera pa intaneti. Mafoni ambiri a Tecno, Infinix ndi itel amabwera Boomplay ili kale m'kati. Spotify, yomwe inayamba kugwira ntchito ku Sweden mu 2008, inafika ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mu 2021. Palinso Audiomack, YouTube Music ndi Apple Music. Kulowa m'makampani amenewa sikuvuta: mulemba dzina, imelo kapena nambala ya foni, basi nyimbo zayamba kulira. Povuta ndi potuluka. Munthu akatopa nazo, kapena bandulo ikamamuthera msanga, amangodina kachithunzi ka pulogalamuyo n'kukafufuta, mtima n'kukhala pansi kuti wathana nazo. Phunziro lino likufuna kusonyeza kuti munthu wotereyu sanatseke kalikonse, ndipo nthawi zina ndalama zake zimapitirira kutuluka iye osadziwa.

Chifukwa chake n'chakuti akaunti siikhala m'foni mwanu. Imakhala m'makompyuta akuluakulu a kampaniyo, kumayiko akutali. Kumeneko n'kumene kwasungidwa dzina lanu, imelo, tsiku lobadwa, mindandanda ya nyimbo imene munasanja, nyimbo zimene munamverapo ndi nthawi imene munazimvera, ndiponso njira yolipirira ngati munalembetsa yolipira. Pulogalamu ya m'foni ntchito yake n'kukulumikizani ndi makompyutawo. Mukaifufuta, zonse zija zimatsala mmene zinalili. Zili ngati munthu wa lendi amene wasamuka usiku osatsanzika kwa landilodi: iye wachokadi, koma dzina lake likadali m'buku, ndipo mwezi ukatha lendi iwerengedwa. Motero pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amazisokoneza. Kufufuta pulogalamu kumangopereka malo m'foni. Kusiya kulipira kumaimitsa ndalama koma akaunti imakhalapobe. Kutseka akaunti ndiko kumauza kampani kuti ichotse dzina lanu ndi zonse zimene inasunga.

Pazitatuzi, choyamba kuchita ndi cha ndalama, ndipo apa m'pofunika kumvetsetsa bwino. Makampani ambiri ali ndi njira ziwiri: yaulere, yomwe nyimbo zake zimadukizidwa ndi otsatsa malonda, ndi yolipira mwezi ndi mwezi, yomwe ku Spotify imatchedwa Premium. Yolipirayo siifunsa chilolezo mwezi uliwonse. Munavomera kamodzi tsiku limene munalemba nambala za khadi lanu la kubanki, ndipo kuchokera pamenepo imadzidulira yokha tsiku likakwana, kaya mwamvera nyimbo kaya simunamvere. Msampha waukulu uli pa zimene amati kuyesa kwaulere. Amakuuzani kuti mwezi woyamba simulipira, koma amapempha nambala za khadi nthawi yomweyo. Mwezi waulerewo ukatha, ndalama zimayamba kuchoka, nthawi zina popanda wina kukukumbutsani. Ndalama ya mwezi umodzi ingaoneke yochepa, koma iwerengeni kakhumi ndi kawiri muone ngati si ya sopo, mchere ndi makope a ana. Kumvera nyimbo n'kwabwino, koma kulipirira nyimbo zimene simukumvera n'kuwononga.

Chinanso chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: malipiro amaimitsidwa komwe anayambira. Ngati munalembetsa patsamba la kampani ya nyimboyo, mukaimitsira komweko. Ngati munalembetsa kudzera pa Google Play kapena pa Apple, ndiye kuti amene amadula ndalama ndi Google kapena Apple, ndipo muyenera kulowa mu akaunti yanu ya kumeneko, pamalo olembedwa kuti Subscriptions, n'kuimitsa. Ngati nyimbozo zinabwera pamodzi ndi bandulo ya kampani ya mafoni, muimitsa ku kampani ya mafoniyo. Wosadziwa komwe anayambira ayang'ane mauthenga a kubanki kapena imelo ya lisiti, chifukwa dzina la wodula ndalama limalembedwa pamenepo. Ku Spotify, mukaimitsa Premium, mumapitiriza kuigwiritsa ntchito mpaka tsiku limene mukanalipiranso, kenako akaunti imasanduka yaulere. Choncho palibe chifukwa chodikira tsiku lomaliza la mwezi, lomwe mwina mudzaliiwala. Amene amalipirira banja lonse pa dongosolo la Family, lomwe limalola anthu mpaka 6, awauze anzake asanaimitse, popeza onse adzabwerera ku yaulere.

Za ndalama zikatha, kutsekako sikutenga nthawi. Titenge chitsanzo cha Spotify. Mumalowa patsamba lawo la chithandizo pa intaneti ndi imelo ndi pasiwedi yanu, n'kusankha pamene palembedwa kuti Close account. Amakusonyezani dzina la akauntiyo kuti mutsimikize kuti ndi yomweyo, amakuuzani zimene mutaye, kenako amatumiza uthenga ku imelo yanu. Mukapanda kutsegula uthengawo n'kudina povomereza, akaunti siitsekedwa. Mukavomereza, amakupatsani masiku 7 oti mungathe kusintha maganizo n'kuitsegulanso. Masikuwo akadutsa, ntchito yofufuta imayamba ndipo kubwerera kulibe. Mindandanda yonse imene munasanja imapita, anthu amene ankakutsatirani amapita, ndipo dzina lolowera lija simungaligwiritsenso ntchito. Imelo yokha ndi imene mungatsegulire akaunti ina pakapita masiku 14. Ngati pali nyimbo za kwaya kapena za paukwati zimene munavutika kuzipeza, lembani mayina ake ndi oimba ake m'kope musanatseke. Musadalire zimene munasunga m'foni kuti muzimvera popanda bandulo. Zimenezo n'zosiyana ndi za pa memori khadi: zimakhala zokhomedwa mwaukatswiri moti zimalira m'pulogalamu yokhayo, ndipo kulipira kukatha zimaleka.

Vuto limene ambiri a ife timagwa nalo ndi imelo. Akaunti zambiri anatitsegulira mwana, mdzukulu kapena mnyamata wokonza mafoni, ndipo imelo ndi pasiwedi anazipeka yekha pomwepo. Mwini foni sazidziwa. Tsiku lofuna kutseka, uthenga wotsimikiza uja umapita ku bokosi limene iye sangalitsegule. N'chifukwa chake musafufute pulogalamu, musagulitse foni, ndiponso musataye simu khadi musanatsimikize kuti mukudziwa imelo imene akauntiyo inalembedwera. Imaoneka m'pulogalamu momwemo, pa zokhudza akaunti. Ena analowa kudzera pa Facebook kapena Google, ndipo ayenera kulowanso njira yomweyo. Pasiwedi ikaiwalika, kampani imatumiza njira yoisinthira ku imelo kapena ku nambala imene munalembetsa, osati kwina. Wokuthandizani akhale munthu wodalirika, muzikhala naye pomwepo pamene akudina, ndipo nambala za khadi la kubanki musamuwerengere.

Wina anganene kuti, ine ndimagwiritsa ntchito yaulere, palibe ndalama ikuchoka, ndiye ndivutikirenji? Pa ndalama akunena zoona. Koma akaunti yosiyidwa imakhala ndi dzina, imelo ndi tsiku lobadwa, ndipo ambiri pasiwedi yawo ndi imodzi paliponse: ya nyimbo ndi yomweyo ya Facebook ndi ya imelo. Akuba a pa intaneti akaipeza pamalo amodzi amaiyesa kwina konse. Komanso nambala ya foni ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya mafoni imatha kuipereka kwa munthu wina, ndipo mauthenga a akaunti yolembetsedwa ndi nambalayo amayamba kupita kwa mlendo. Akaunti imene simuiyang'ana ndi imene simungadziwe kuti wina walowamo.

Wina angati, nanga ndikadzaifunanso? Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo yankho lake n'lakuti si aliyense ayenera kutseka. Ngati vuto ndi ndalama zokha, monga nthawi ya fetereza kapena ya fizi, imitsani kulipira basi. Akaunti ikhala yaulere, mindandanda yanu ikhalapo, ndipo mudzayambiranso zinthu zikadzayenda. Kutsekeratu n'kwa amene watsimikiza kuti sabwereranso, amene ali ndi maakaunti awiri mwangozi, kapena amene sakufuna kuti kampaniyo ipitirize kusunga za iye. Palinso okayikira amene amati makampaniwa safufuta kanthu, amangotinamiza. N'zoona kuti zina amasunga, monga malisiti a malipiro, chifukwa malamulo a msonkho amawakakamiza. Koma malamulo oteteza zinsinsi za anthu alipo. Mayiko a European Union ali ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 lopatsa munthu ufulu wopempha kuti zake zifufutidwe, ndipo Malawi inakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi zotere mu 2024, loyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Mmene kufufutako kumachitikira m'kati mwa makompyuta awo ndi nkhani ya akatswiri. Chimene chili m'manja mwanu ndi kupempha, popeza wosapempha zake zimasungidwabe.

Chenjezo lina likupita kwa omvera pa YouTube Music ndi Apple Music. Kumeneko nyimbo zilibe akaunti yakeyake. Zimayendera pa akaunti ya Google kapena ya Apple, yomwenso imasunga imelo, zithunzi ndi nambala za abale anu. Mukatseka imeneyo pofuna kuthana ndi nyimbo, mutaya zonsezo. Kumeneko ingoimitsani kulipira, akaunti yaikuluyo muisiye. Ndipo kulikonse kumene mwaimitsa, sungani uthenga wotsimikiza umene akutumizirani, ndipo tsiku lolipira likafika mwezi wotsatira yang'anani mauthenga a kubanki. Mukaona kuti adulanso, pitani ku banki ndi uthengawo m'manja mukapemphe kuti aletse malipirowo pa khadi lanu.