Summit X kapena PRO RMK: kasankhidwe ka snowmobile ya m'mapiri

Kumadzulo kwa Canada ndi America, malonda a snowmobile amatentha chisanu chikamayandikira kutha. Chakumapeto kwa Febuluwale mpaka cha mu Epulo makampani amalandira maoda a makina a chaka chotsatira, ndipo wogula amapereka chikole n'kudikira miyezi ingapo, mpaka chipale chofewa chitayambanso kugwa. Ndalama zimachoka m'thumba munthu asanawaone makinawo ndi maso, n'chifukwa chake m'masitolo a ku Revelstoke, m'chigawo cha British Columbia, kapena ku West Yellowstone, m'boma la Montana, mkangano sutha: Summit X kapena PRO RMK?

Onsewa ndi makina a munthu mmodzi, okhala ndi ma ski awiri kutsogolo ndi lamba wamkulu wa mano kumbuyo, amene amakumba chipale n'kukankha. Summit X ndi ya Ski-Doo, dzina limene linatulukira ku Valcourt, m'chigawo cha Quebec, mu 1959, m'manja mwa Joseph-Armand Bombardier. PRO RMK ndi ya Polaris, kampani imene inayambira ku Roseau, m'boma la Minnesota, mu 1954. Yamaha inalengeza mu 2023 kuti makina a 2025 ndiwo ake omaliza, choncho bwalo lachepa ndipo wogula wa kumapiri nthawi zambiri amatsala ndi mayina awiriwa.

Pa pepala kusiyana kwake n'kochepa zedi. Injini ya Rotax 850 E-TEC ya mu Summit ndi ya ma cc 849, ya Patriot 850 ya mu RMK ndi ya 840. Zonse ndi za masilinda awiri, zimawotcha petulo pamodzi ndi oilo, ndipo mphamvu yake ili cha pa akavalo 165. Wogula amene amatha sabata yonse akulimbana ndi manambala amenewa akungodzitayira nthawi.

Choyamba chofunika kuchita n'kutenga mapu n'kuona kutalika kwa malo amene munthu azikwerako kawirikawiri. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera, chifukwa mpweya umachepa. Tauni ya Cooke City ku Montana ili pamtunda wa mamita oposa 2,300, ndipo okwera ake amanyamuka pamenepo kupita m'mwamba. Njira ya Togwotee ku Wyoming imadutsa pa mamita pafupifupi 2,900, kutsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Pamalo otere, akavalo 165 aja amatsala osakwana 120.

Apa m'pamene turbo imalowera. Ski-Doo inatulutsa Summit 850 E-TEC Turbo mu Januwale 2020, yolonjeza kusunga akavalo 165 mpaka pa mamita 2,400, ndipo Turbo R ya 2023 inakweza nambalayo kufika 180. Polaris inayankha ndi Patriot Boost pa makina a 2022, kenako n'kubweretsanso 9R, injini yokulirapo yopanda turbo. Koma turbo imawonjezera madola masauzande angapo pa mtengo, imawonjezera kulemera kutsogolo, ndipo imafuna chala chodziletsa. Amene amakwera ku Boulder Mountain kapena Frisby Ridge, pafupi ndi Revelstoke, komwe malo ambiri ali cha pa mamita 2,000, angathe kukhala zaka zambiri osaisowa. Kwa wophunzira, ngakhale wa ku Togwotee, turbo nthawi zambiri imangomuthandiza kudzikumbira dzenje lakuya mofulumira.

Nkhani ya injini ikatha, ibwere ya lamba wapansi, ndipo iyi njofunika kuikhalira pansi chifukwa imasintha khalidwe la makina kuposa dzina lolembedwa pa boneti. Nambala zimene zimatsatira dzina, monga 154 kapena 165, ndi kutalika kwa lambayo kuzungulira, m'mainchi. Ski-Doo ili ndi 146, 154 ndi 165; Polaris ili ndi 146, 155 ndi 165. Wa 154 ndi wa masentimita 391, wa 165 ndi wa 419. Lamba wamtali amayandama bwino pa chipale chakuya, amakwera chitunda mosajejema, ndiponso amakhululukira munthu amene wazengereza pakati pa mtunda n'kuchepetsa moto. Vuto lake amafuna malo okwanira pokhota. Wamfupi amatembenuka msanga pakati pa mitengo ndipo amadzutsa mutu wa makina mosavuta, koma wokwera akalakwitsa pang'ono, kumbuyo kumamira.

Thupi la wokwera limalowanso pamenepa. Munthu wa makilogalamu 100, atavala zovala zachisanu, chikwama kumsana ndi chigubu cha petulo kumbuyo, amapindula ndi 165. Wa thupi laling'ono, kapena wokonda kusewera m'zigwa zothinana mitengo, 154 kapena 155 imamukwanira. Wa 146 ndi wa anthu amene akudziwa kale chimene akufuna.

M'lifupi namonso muli kusiyana: kwa zaka zambiri Summit yakhala ndi lamba wa mainchi 16, pomwe RMK ili ndi wa 15. Ndiye pali mano. A mainchi 2.5 amachita bwino pa chipale cholimba cha kumapeto kwa nyengo, a mainchi 3 kapena kuposerapo amafuna chipale chakuya chongogwa kumene. Pali chinthu china chimene ogulitsa ena amaiwala kutchula. Makina amenewa amaziziritsa injini ndi chipale chimene lamba amaponya m'kati mwa chitsulo chokhala pamwamba pake, ndipo chipale chomwecho n'chimene chimafewetsa timapulasitiki totsetserekapo lamba. Pa msewu wolimba wopita kuphiri, mano aatali saponya chipale chokwanira, injini imatentha, timapulasitiki timasungunuka. Amene ayenera kuyenda makilomita 20 kapena 30 pa msewu wotere asanafike kophwanyira chipale aganizire mano aafupi, ndipo asaiwale kutsitsa tizitsulo tokanda ayezi timene timamangidwa m'mbali.

Chachitatu sichingachitikire pa intaneti: kukwera makina onse awiri. Makampani ndi masitolo amakonza masiku oyesera, ndipo ku West Yellowstone ndi ku Revelstoke kuli malo obwereketsa makina pa tsiku. Ndalama ya masiku awiri obwereka njochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina olakwika. Kuyesako kukhale kwa pa chipale chimodzimodzi, makamaka tsiku limodzi, anthu awiri akusinthana, chifukwa makina alionse amaoneka abwino pa chipale chofika m'chiuno ndipo alionse amaoneka ouma pa chipale chimene chawombedwa ndi dzuwa n'kuumanso usiku.

Chofunika kuyesa si liwiro ayi. Luso lenileni la kumapiri ndi kuyenda chopingasa pa malo otsetsereka, makina atapendekeka pa ski imodzi, wokwera ataima mbali ya kumtunda, phazi limodzi pa chopondera, lina likupalasa chipale. Okwera ambiri amanena kuti Summit imapendekeka mosavuta. Kuyambira pa makina a 2013 inali ndi tMotion, kamangidwe kolola mbali ya kumbuyo kupendama pang'ono, zimene zimathandiza wophunzira ndi munthu wochepa mphamvu. PRO RMK imafuna kukokedwa ndi mtima wonse poyamba, koma ikangokhala pa ski imodzi imagwira mzere osagwedezeka, ngakhale potsetsereka kwambiri. Chiwongolero nachonso n'chosiyana: cha Polaris n'choimirira, cha Ski-Doo n'chogonera, ndipo manja amene anazolowera chimodzi amadandaula ndi chinzake kwa maola angapo oyamba. Choncho maganizo a mphindi 20 zoyambirira asakhulupiriridwe. Funso labwino limafunsidwa madzulo: ndi makina ati amene asiya mapewa ndi msana zili ndi mphamvu?

Nthawi zina mkangano umakhala wa m'nyumba imodzi. Polaris ili ndi RMK Khaos, imene inayamba pa makina a 2020: injini ndi thupi n'zomwezo, koma kumbuyo inakonzedwa kuti izidzutsa ma ski msanga. Njosangalatsa podumpha ndi potembenukira pamalo amodzi, koma pa chitunda chachitali chowongoka mutu wodzukadzukawo umatopetsa. Ku Ski-Doo mpikisano wofananawo uli pakati pa Summit ndi Freeride, yomwe ili ndi ma shock olimba a anthu odumpha. Wosadumpha akagula zimenezi amalipira zinthu zimene sazigwiritsa ntchito.

Za kulemera, manambala a m'mabuku awerengedwe mosamala. Makina onse awiri ali cha pa makilogalamu 200 opanda mafuta, ndipo Polaris imakonda kulemba nambala yotsikirapo. Koma thanki ya Summit imalowa malita 36, ya RMK oposa 40, ndipo lita iliyonse ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, kotero kusiyanako kumachepa onse akadzaza. Tizinthu tina ting'onoting'ono timamveka kwambiri pa tsiku lovuta. Ski-Doo ili ndi SHOT, imene inabwera pa makina a 2018: munthu amakoka chingwe kamodzi m'mawa, tsiku lonselo n'kumayatsa injini ndi batani, popanda batire lolemera. Amene anakumbapo makina omira, ali wefuwefu pa mamita 2,800, amadziwa kufunika kwa batani limeneli. Polaris nayo pa makina ambiri a RMK imayendetsa lamba wapansi ndi lamba wina waung'ono wotchedwa QuickDrive m'malo mwa tcheni yoviikidwa mu oilo, zimene zimapeputsa makina ndi kuchotsa ntchito yosintha oiloyo.

Zonsezi zikayesedwa, ogula ambiri amapezeka adakali pakati. Pamenepo chogamula chikhale sitolo ndi anzake oyenda nawo. Nyengo yabwino ya chipale ndi ya miyezi inayi kapena isanu basi, ndipo makina a kumapiri amagunda miyala ndi zitsa zobisika. Sitolo imene ili pafupi, yokhala ndi makaniko wodziwa ntchito ndi masipeyala pa shelefu, imabweza munthu kuphiri Loweruka lotsatira. Yakutali imamudyera mwezi wathunthu. Ndi bwino kufunsa okwera a m'deralo kuti makina awo anakhala masiku angati m'galaja. Ndipo ngati gulu lonse limakwera Ski-Doo, wogula Polaris adziwe kuti lamba wa kalachi akaduka kutali ndi msewu, wa mnzake sangamukwane. Zikakhala mosemphana, vuto ndi lomwelo.

Wogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito ali ndi ntchito yowonjezera. Apite ndi nambala ya makinawo yotchedwa VIN kwa wogulitsa wovomerezeka kuti aone ngati zokonza zonse zimene kampani inalamula zinachitika. Mwachitsanzo, mu Ogasiti 2022 Polaris inauza eni makina pafupifupi 230,000 kuti asiye kaye kuwakwera chifukwa cha ngozi ya moto m'thanki ya petulo, mpaka atakonzedwa. Makaniko ayeze mphamvu ya masilinda onse awiri, ayang'ane mano othyoka pa lamba, ndiponso aime kutsogolo kuona ngati ma ski ali ofanana, chifukwa mkono wogwira ski ukapindika umaulula ngozi imene mwiniwake sanaitchule.

Pomaliza kuwerengera ndalama, gawo lina lipatulidwiretu makina asanasankhidwe. Summit ndi RMK zonse zimafikitsa munthu wosazolowera pa malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45 m'mphindi zochepa, ndipo apa m'pamene chipale chimagumukira nthawi zambiri. Mu Disembala 2008 okwera asanu ndi atatu a ku Sparwood, ku British Columbia, anafa pa ngozi yotere. Wokwera aliyense amafunika kachipangizo kovala pachifuwa kotumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz, ndodo yopindika yofufuzira wokwiririka, ndi fosholo yachitsulo, ndipo ndodo ndi fosholo zikhale m'chikwama cha kumsana, osati pa makina amene angakwiririke paokha. Bungwe la Avalanche Canada, limene likulu lake lili ku Revelstoke komweko, limatulutsa malipoti a chiopsezo tsiku ndi tsiku m'nyengo yachisanu, ndipo maphunziro ake oyamba, a AST 1, amatenga pafupifupi masiku awiri. Mtengo wa maphunzirowo pamodzi ndi zida zitatuzo sufika pa ndalama zimene turbo imawonjezera.