Phunziro: Kukonza nyama ya nkhumba yokagulitsa pa miyambo ya mafumu

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli, membala aliyense wa sukulu yathu ya alimi kuno ku Chisi adziwe kusankha msika, kukonza nyama yosavunda msanga, kuwerengera phindu ndi kuteteza khola lake.

Chifukwa chiyani tikambirane zimenezi?

Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, banja lodalira usodzi wokha limagona ndi njala. Nkhumba ndi podalira pena, koma wogulitsa nkhumba yamoyo kwa vendala amalandira mtengo wonena vendalayo. Wokonza yekha soseji kapena nyama yowamba n'kukagulitsa pamene pasonkhana khamu amapeza zochulukirapo, ngati wawerengera bwino.

1. Sankhani msika

Kulamba amachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a Achewa a m'Malawi, Mozambique ndi Zambia amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu amakhala ambiri, koma n'kutali, ndipo nyama siidutsa pachipata cha malire popanda chilolezo cha a zaziweto. Umhlangano wa Angoni a Inkosi ya Makhosi Gomani V umachitikira ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu. Wapafupi kwa ife ndi Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, m'boma la Mulanje, mwezi wa Okutobala. Palinso miyambo yolonga ufumu m'midzi yathu momwe muno, yosafuna ndalama zambiri zoyendera. Woyamba kumene ayambire pamenepo.

Musanapite, funsani akomiti ya mwambowo ngati amalola nyama ya nkhumba ndi malo oti mukhale. Abale athu Achisilamu ndi a mpingo wa Seventh Day sadya nkhumba. Lembani chikwangwani chooneka bwino, ndipo musawambire nkhumba mu uvuni umene mumawambiramo nsomba zogulitsa.

2. Yambani msanga

Nkhumba imatenga bere masiku 114: miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Ya mtundu wa Large White kapena Landrace yodyetsedwa bwino imakwana kupha pa miyezi 6 mpaka 8, yachikuda imachedwerapo. Choncho ya Okutobala ibadwe mu Febuluwale kapena Malichi, ndipo make akweredwe chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala chaka chapitacho. Sungiranitu madeya a chimanga ndi a mpunga.

3. Nyama iyezedwe

Mlangizi wa ziweto aione nkhumba isanaphedwe, ndipo ayeze nyama ikaphedwa. Nyama ya masese, timatuza toyera tonga njere za mpunga, itayidwe pokwirira mozama. Munthu akaidya yosapsa amakhala ndi njoka ya m'mimba ya tepi. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akamezedwa kudzera m'madzi kapena chakudya amatha kuyambitsa khunyu. Musadalire mchere kapena utsi kuti upha masese. Nkhumba zikhale m'khola, anthu agwiritse ntchito chimbudzi.

4. Kakonzedwe

Iphani nkhumba m'mamawa kusanatenthe. Tsukani manja, mipeni ndi thebulo ndi sopo komanso madzi othira Waterguard kapena owiritsa, osati ongotunga kunyanja.

Nyama yowamba: lengani mizere yopyapyala ngati chala. Pakani magalamu 25 mpaka 30 a mchere pa kilogalamu imodzi. Wambani pa moto wa nkhuni zouma mpaka ipse mkati ndi kuuma. Ikazizira, ikani m'dengu loyera lopita mpweya, lophimba ndi nsalu. M'jumbo imachita thukuta n'kuyamba nkhungu.

Soseji: magawo anayi a mnofu, gawo limodzi la mafuta, magalamu 18 mpaka 20 a mchere pa kilogalamu, adyo ndi tsabola. Longedzani m'matumbo opala ndi kutsuka bwino. Popanda furiji, soseji ikonzedwe, iotchedwe ndi kugulitsidwa tsiku lomwelo, yopsa mpaka mkati mosatsala kufiira. Pa ulendo wa bwato mpaka pa Kachulu kenaka galimoto m'dzuwa la Okutobala, yaiwisi siifika ili bwino. Pa ulendo wotere nyamulani yowamba.

Mafuta otsala asungunuleni, asefeni ndi kuwathira m'botolo louma. Ofuna kupakira katundu wa m'mashopu ayambe aonana ndi a Malawi Bureau of Standards.

5. Werengerani phindu

Nkhumba ya makilogalamu 70 imatsala pafupifupi 50 mukachotsa magazi ndi zam'kati, mafupa ali momwemo. Powamba, makilogalamu atatu a mnofu amabwerera pa awiri kapena kucheperapo. Ndiye kuti mukagulitsa yowamba pa mtengo wa yaiwisi kuonjezapo theka, mwangobweza nyama yokha. Onjezani mchere, nkhuni, bwato, galimoto, chiphaso cha msika ndi thukuta lanu.

6. Chenjerani ndi chigodola

Chigodola cha nkhumba sichigwira anthu, koma chimatha kupululutsa khola lonse, ndipo chilibe mankhwala. Kachilombo kake kamakhala miyezi mu nyama yamchere kapena yowamba. Musaphe nkhumba yodwala kuti mupulumutse ndalama. Tengani chiphaso kwa mlangizi wa ziweto musanasamutse nkhumba kapena nyama, ndipo boma likaletsa malonda a nkhumba, ulendo ulephereke. Pobwerako musadyetse nkhumba zotsala za nyama, ndipo musalowe m'khola musanasambe, kusintha zovala ndi kutsuka nsapato.

Ntchito ya m'magulu

Gawanani m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lisankhe mwambo umodzi, lifufuze mitengo ya lero pa Kachulu, ndipo liwerengere phindu la nkhumba imodzi yogulitsa yamoyo poyerekeza ndi yowamba. Sabata yamawa bwerani ndi mayankho, sikelo ndi mchere. Tidzayesera limodzi kuwamba kilogalamu imodzi n'kuiyezanso ikauma.